Mlendo ndi mame: za nyumba ya Mandala ku Blantyre

Makolo athu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu unkatilangiza kuti mlendo tisamunyinyirike, timupatse madzi ndi mphasa, pakuti mawa dzuwa likakwera adzakhala atapita. Koma mu mzinda wa Blantyre muli nyumba ina imene imauyesa mwambiwu. Mlendo amene anaimanga mu 1882 anaimanga yosanja, ya makoma ochindikala ndi khonde lalikulu, monga amangira munthu amene sakuganiza zonyamuka. Nyumbayi ndi Mandala, ndipo mwa nyumba zachizungu zimene zikadali chiimire m'dziko lino, yakale kwambiri ndi imeneyi.

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, mbiri yake ili motere. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, amalonda a ku Glasgow anayambitsa kampani mu 1878 yoti izinyamula katundu wa amishoni ndi kuchita malonda, poyembekeza kuti malonda a nsalu ndi minyanga adzafooketsa malonda a akapolo. Kampaniyi ndiyo inadzadziwika kuti African Lakes. Oiyendetsa anali anyamata awiri apachibale, John Moir ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu ataona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linachoka pa munthu n'kupita pa nyumba, pa masitolo onse a kampaniyo, mpaka pa dera lonse lozungulira. Umu ndi mmene makolo ankachitira ndi mlendo: ankamuyang'anitsitsa kaye, kenaka n'kumupatsa dzina lomuyenera, iye afune asafune. Ife a mvula zakale timakumbukiranso masitolo a Kandodo, dzina lochokera pa ndodo imene mzungu wake ankayendera.

Mukafika lero mupeza kuti m'zipinda zapansi amaonetseramo zojambula ndi zosemasema, panja pali podyera, ndipo m'mwamba muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946. Mmenemo muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale. Alendo ambiri amathamangira kukwera makwerero. Ine ndikanakonda kuti muyambe mwaima kaye pakhonde ndi kugwira khoma. Njerwa zimenezo sanabwere nazo pa sitima. Ndi dothi la konkuno, loponda ndi mapazi a anthu a konkuno, ndipo mitengo ya denga anaisenza pamapewa ndi anthu omwewo. Mutu umodzi susenza denga, koma m'mabuku ambiri a mbiri mitu yotchulidwa maina ndi iwiri yokha, ena onsewo amangotchedwa antchito.

Nkhani ya amtengatenga ndiyo imandikhudza koposa. Sitima zochokera ku Zambezi zinkakwera mtsinje wa Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, n'kulekera pomwepo chifukwa cha mathithi. Kuyambira apo katundu yense ankayenda pamutu: kukwera mapiri mpaka pa Mandala, kutsikiranso ku Matope kumene sitima ina inkadikira ulendo wa ku nyanja. Mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, ndipo malipiro kawirikawiri anali nsalu yoyeza ndi mikono. Amene munakwerapo chitunda cha Chikwawa pa galimoto, injini ikulira mopempha chifundo, taganizirani munthu wopanda nsapato ali ndi bokosi pa nkhata. Ena mwa iwo anali Ayao ndi Amang'anja a m'midzi yoyandikana, ena anali Atonga ochokera kutali ku Bandawe. Ntchito imeneyi inayamba kuchepa njanji itafika ku Blantyre mu 1908.

Tisanamizirenso mlendoyu kuti analibe ubwino. Mu 1884, Angoni a Chikusi atawoloka Shire kudzachita nkhondo, anthu ambiri anathawira ku mishoni ndi ku Mandala, ndipo anapulumuka. Bwalo limene lero anthu amamwerapo khofi linadzazapo ndi amayi obereka ana, akunjenjemera. Ku Karonga nako, kuyambira 1887 mpaka 1889, anthu a kampaniyi anamenyana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo amene anasautsa Ankhonde, ndipo Frederick Moir anavulazidwa mkono pa nkhondoyo. Komabe choonadi sichiyenda ndi mwendo umodzi. Mlozi yemweyo poyamba ankagulitsa minyanga ku sitolo ya kampaniyi, ndipo amene anamugonjetsa ndi kumupachika mu 1895 anali Harry Johnston ndi asilikali a boma. Kampaniyi inasainitsanso mafumu mapangano olembedwa m'chilankhulo chimene iwo sankachiwerenga. Kwa mfumu, kupereka malo kunali kulola mlendo kuti alime ndi kumanga. Nthaka yokha inali ya mtundu, ya amoyo ndi ogona kumanda. Kwa mlendo, chidindo cha chala pa pepala chinali kugula. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, boma linamvera pepala.

Patapita zaka 33 chimangireni nyumbayi, mu January 1915, usiku umene John Chilembwe anaukira atsamunda, gulu lina la anthu ake linayenda kuchokera ku Mbombwe kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyi ku Mandala. Anangotengamo mfuti zochepa alonda asanadzidzimuke, ndipo ena mwa iwo anagwidwa n'kuphedwa. Pamene ndinkaphunzitsa mbiri, ana ankadabwa kumva kuti malo amene agogo anathawirako mu 1884 ndi omwewo amene ana awo anadzawathira nkhondo. Ndinkawauza kuti awerenge zimene zinachitika pakati pa zaka ziwirizo: msonkho wa nyumba, thangata pa minda ya azungu, ndi anyamata otengedwa kukafera pa nkhondo ya 1914 imene sinali yawo.