Katekisimu, sileti ndi silabasi: mbiri ya kalasi ya pulayimale ya Katolika m'Malawi

Kuyambira pachiyambi pake, sukulu ya pulayimale ya Katolika m'Malawi yakhala ikuyankha mafunso awiri omwe salekana, loyamba lokhudza zimene mwana ayenera kuphunzira, ndipo lachiwiri lokhudza mtundu wa munthu yemwe mwanayo ayenera kudzakhala. Yankho la funso loyamba ndi silabasi, kutanthauza mndandanda wa maphunziro ndi mitu yomwe mphunzitsi amatsata chaka ndi chaka, pomwe yankho la funso lachiwiri ndi maleredwe, omwe salembedwa pabolodi koma amaoneka m'kakhalidwe ka mwana. Kale zonse ziwiri zidali m'manja mwa mishoni, koma lero silabasi ndi ya boma, ndipo chomwe chatsalira Mpingo ndi ntchito yolera, yomwe ndi yovuta kuposa inzake.

Ansembe a chipani cha White Fathers adafika kwa Mponda, pafupi ndi boma la Mangochi, kumapeto kwa chaka cha 1889, natsegula kasukulu pakati pa Ayao omwe ambiri adali atayamba kale kutsata Chisilamu, koma ntchitoyo sidazike mizu ndipo adachokako m'chaka cha 1891. Chiyambi chokhazikika chidadza m'chaka cha 1901 pomwe ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adamanga mishoni ku Nzama m'boma la Ntcheu. A White Fathers adabweranso m'chaka cha 1902 nakhazikika ku Mua, kenaka ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, ndipo pofika nthawi imeneyi mipingo ya Chipolotesitanti ku Blantyre, ku Livingstonia ndi ku Mvera idali itapita kale patsogolo ndi masukulu, kotero kuti Akatolika adayenera kuthamanga kuti apeze midzi yomwe idali isadalandire mphunzitsi.

Chida chachikulu pa mpikisano umenewu chidali sukulu yakumudzi, kachisakasa kofolera ndi udzu komwe mkati mwa sabata kadali kalasi ndipo Lamulungu kadali tchalitchi. Woyendetsa sukuluyo adali katekisiti, munthu wa komweko yemwe ansembe adamuphunzitsa chikhulupiriro ndi kuwerenga, namutuma kuti akhale mphunzitsi, mtsogoleri wa mapemphero ndiponso diso la mishoni m'mudzimo. Ana akasonkhana adayamba ndi chizindikiro cha mtanda ndi mapemphero oloweza pamtima, kenaka adatchula zilembo ndi maphatikizo mokweza onse pamodzi, namalemba ndi chala pamchenga kapena pasileti pomwe sileti idapezeka. Pambuyo pake padabwera katekisimu, buku lofotokoza chiphunzitso cha Mpingo m'njira ya funso ndi yankho, pomwe mphunzitsi adafunsa ndipo kalasi yonse idayankha mwa liwu limodzi mpaka mawuwo atakhazikika m'mutu. Cholinga cha kuwerenga chidali choti mwana athe kutsegula yekha buku la mapemphero, ndipo kwa a White Fathers, omwe adatsata lamulo la Kadinala Lavigerie loti wofuna ubatizo akonzekere kwa zaka zinayi, sukulu idali khomo lolowera mu Mpingo.

Maleredwe otere adawombana ndi maleredwe omwe mudzi udali nawo kale, popeza Achewa adali ndi sukulu yawo ya chinamwali ndi ya kudambwe, komwe anyamata ndi atsikana adalangizidwa za ulemu, za banja ndi za imfa. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa mishoni ndi gulewamkulu udakula kwambiri m'midzi yozungulira Mua, chifukwa mbali iliyonse idadziwa kuti yemwe watenga mwana watenga tsogolo la mudzi. Pa maphunziro a atsikana, ntchito yaikulu idagwiridwa ndi asisiteri, poyamba a Daughters of Wisdom omwe adafika mu 1904 ndi a White Sisters omwe adafika mu 1911, kenaka zipani za asisiteri achimalawi, monga a Servants of the Blessed Virgin Mary ndi a Teresian Sisters, omwe pamwamba pa kuwerenga adaphunzitsa kusoka, ukhondo ndi kasamalidwe ka ana.

Kusintha kwakukulu koyamba kudadza boma la atsamunda litayamba kulowerera. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, lidalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wakumudzi, monga ulimi, zaumoyo ndi ntchito zamanja, ndipo mu 1926 boma lidakhazikitsa nthambi yoona zamaphunziro yomwe idayamba kupereka thandizo la ndalama kwa masukulu okhawo omwe adali ndi aphunzitsi a satifiketi ndi otsata silabasi yovomerezeka. Mu 1928 Arthur Hinsley, nthumwi ya Papa, adalangiza maepiskopi a m'maiko olamulidwa ndi Britain, pamsonkhano wa ku Dar es Salaam, kuti agwirizane ndi maboma ndi kuika masukulu patsogolo ngakhale kumanga matchalitchi kutachedwa. Kuyambira pamenepo udindo wa katekisiti ndi wa mphunzitsi udayamba kulekana, masamu, Chingerezi ndi jogalafe zidapatsidwa nthawi yawoyawo, ndipo katekisimu, yemwe kale adali sukulu yonse, adasanduka phunziro limodzi mwa maphunziro ambiri.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, boma lidapitiriza kutenga udindo wolemba ntchito aphunzitsi, kuwalipira ndi kukonza silabasi imodzi ya dziko lonse, ndipo Mpingo udakhala mwinisukulu, kutanthauza mwini malo ndi nyumba yemwe ali ndi mawu pa mzimu wa sukuluyo. Nthawi yomweyo Mpingo nawo udasintha kaonedwe kake, pomwe Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gravissimum Educationis cha mu 1965, udatsimikiza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo, ndiponso kuti sukulu ya Katolika iyenera kusamala mwapadera osauka ndi omwe sali a Mpingo. Ku Mua komwe kudali mkangano kuja, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 ndi cholinga chosunga ndi kulemekeza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao.

Kalata ya maepiskopi yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 imakumbukika chifukwa cha ndale, komabe idadandaulanso za kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo. Mavutowa adakula mu 1994 pomwe boma lidachotsa fizi kupulayimale, chiwerengero cha ophunzira nkukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo adalembedwa mwachangu. Mu 2000 mipingo idatsutsa ganizo lochotsa phunziro la Baibulo kusekondale kuti m'malo mwake mulowe phunziro la zipembedzo zonse, ndipo pamapeto pake maphunziro onse awiri adaloledwa.

Lero mwana wa sitandade 8 pasukulu ya parishi amawerenga mabuku okonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi ndipo amalemba mayeso a MANEB ofanana ndi a mnzake wa sukulu ya boma, pomwe pabenchi, kapena pansi pomwe palibe benchi, Mkatolika amakhala moyandikana ndi Msilamu ndi mwana wa CCAP. Chikatolika cha sukulu yotere sichingatsimikizidwe ndi mtanda wapakhoma kapena dzina la woyera mtima lolembedwa pachipata. Chimaoneka pomwe mphunzitsi wa ana oposa 100 wazindikira kuti mwana wamasiye wajomba masiku atatu namutsatira kwawo, pomwe mtsikana yemwe adasiya sukulu chifukwa cha mimba walandiridwanso popanda kunyozedwa, ndiponso pomwe mphunzitsi wamkulu wakana kubera mayeso ngakhale sukulu yake ikhozetse ana ochepa. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo katekisiti wa m'kachisakasa kaja, ngakhale adali ndi maphunziro ochepa, adadziwa mwana aliyense ndi khomo lomwe adachokera. Ngati madayosizi ndi maparishi akufuna kuti masukulu awo asungebe dzina lawo moona, ayenera kuika mphamvu zawo pa kusula, kuyendera ndi kulimbikitsa aphunzitsi, chifukwa gawo la maleredwe lomwe Mpingo udatsala nalo limafika kwa mwana kudzera mwa munthu yemwe waima kutsogolo kwa kalasi ndi choko m'manja.