Kanema ndi thupi la mtsikana: zomwe zidachitika ku Fiji

Akatswiri a matenda a maganizo akamakambirana ngati zithunzi za pa kanema zingasokoneze kadyedwe ka munthu, dziko lomwe limatchulidwa kawirikawiri ndi Fiji, la zilumba zoposa 300 m'nyanja ya Pacific. Chidalitchukitsa ndi kafukufuku wa Anne Becker, dokotala wa ku Harvard Medical School m'dziko la America, yemwe zotsatira zake zidasindikizidwa mu British Journal of Psychiatry m'chaka cha 2002.

Kuyambira kale, anthu a ku Fiji ankasirira thupi lodzadza. Kudya mokhuta paphwando kudali ulemu kwa eni khomo, ndipo munthu akayamba kuwonda, abale ankada nkhawa mpaka kumufunira mankhwala azitsamba obwezeretsa chilakolako cha chakudya. Izi sizachilendo kwa ife, amene mawu akuti "mwanenepatu" timawalandira ngati chiyamikiro.

Wailesi yakanema idafika m'chigawo cha Nadroga, pachilumba cha Viti Levu, mu 1995. Mapulogalamu ambiri adali ochokera kunja, monga Melrose Place ndi Beverly Hills 90210, momwe akazi otchuka ndi olemera ankakhala owonda. Patangopita masabata ochepa, gulu la Becker lidafunsa atsikana 63 a kusekondale za kadyedwe kawo. Mu 1998 lidabwereranso n'kufunsa ena 65 a msinkhu womwewo.

Kusiyana kwake kudali kwakukulu. Mu 1995 padalibe mtsikana ndi mmodzi yemwe amene adati amadzisanzitsa pofuna kuchepetsa thupi. Mu 1998 adali 11 mwa 100 alionse. Omwe mayankho awo adasonyeza chiopsezo cha matenda a kadyedwe adachoka pa 13 kufika pa 29 mwa 100 alionse, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse adati nthawi zina amadziona ngati onenepa kwambiri. Chochititsa chidwi n'chakuti atsikanawo sankangofuna kukongola kokha. Ena adafotokoza kuti thupi lowonda ankaliona ngati khomo lopezera ntchito yabwino ndi moyo wamakono, monga wa akazi a pa kanema aja.

Matenda omwe akunenedwawa si kusankha zakudya chabe. Wodwala anorexia nervosa amadzimana chakudya mpaka kuwonda moopsa, komabe akadziyang'ana pagalasi amaona munthu wonenepa. Awa ndi amodzi mwa matenda a maganizo omwe amapha kwambiri. Wa bulimia nervosa amadya zambiri nthawi imodzi, kenako amadzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Thupi lake limatha kuoneka labwinobwino, choncho vutoli limabisala kwa zaka, uku mano akuwonongeka ndi asidi wa m'mimba ndipo mchere wa m'magazi ukusokonekera mpaka kuika mtima pangozi. Amuna nawonso amadwala, ngakhale ambiri ndi akazi.

Sibwino kukokomeza zomwe kafukufukuyu adapeza. Atsikana ofunsidwa adali ochepa, a 1998 sadali omwe aja a 1995, ndipo mafunso olembedwa papepala sangatsimikize matenda monga achitira dokotala. Chuma cha Fiji nachonso chinkasintha m'zaka zomwezo. Akatswiri amagwirizana kuti chibadwa, nkhawa ndi zochitika za m'banja zili ndi gawo lake. Kanema amangothira mafuta pamoto. Komabe Becker ndi anzake adapezanso china mu 2011: mtsikana ankakhudzidwa ngakhale kwawo kulibe kanema, malinga anzake akuonera. Maganizo atsopanowa ankayenda m'macheza.

Lero zithunzi zotere zili m'foni, ndipo zambiri zimakonzedwa pa kompyuta kuti chiuno chichepe ndi khungu lisalale. Mu 2021, Frances Haugen, yemwe ankagwira ntchito ku Facebook, adaulula zikalata zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo adapeza kuti Instagram imachititsa atsikana ena kudana kwambiri ndi matupi awo. Maiko ena adakhazikitsa malamulo. Kuyambira mu 2017, ku France chithunzi chotsatsa malonda chomwe thupi la munthu lasinthidwa pa kompyuta chiyenera kulembedwa kuti chidakonzedwa, ndipo oonetsa zovala amafunika chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti ali ndi thanzi labwino. Norway idayamba kugwiritsa ntchito lamulo lolemba chizindikiro pa zithunzi zotere mu 2022, ndipo limakhudzanso anthu otchuka pa intaneti akamalipidwa kuti atsatse katundu.