Nyumba Timamanga, Ngakhale Ikhale ya Zidole

Abale anga, tonse amene tidayamwa Chichewa, pali mneni mmodzi amene akunenepa masiku ano anzake akuonda, ndiye kupanga. Nsima tikupanga, mphika tikupanga, dengu tikupanga, ndipo nyumba nayo ati tikupanga. Mneniyu ndi wathu ndithu, ndipo ali ndi malo ake. Koma akalanda ntchito ya kuphika, kuumba, kuluka ndi kumanga, chinenero chimasauka ife tili chipenyere. Nthendayi imaonekera bwino pa kanthu kamene ambiri angakayese kachibwana: kanyumba ka zidole.

Kuno kunsi kwa phiri la Michesi tinyumba togula kusitolo si tofala, koma tayamba kufika m'zikwama za abale ochokera ku Joni ndi ku Limbe. M'katoni mumakhala timatabwa topyapyala todulidula kale, kabotolo ka guluu, tinsalu, ndi pepala la malangizo lolembedwa m'Chingerezi. Pakhomo pena ndidapeza kamtsikana ka sitandade 5 katayala zonsezi pamphasa pakhonde, lilime lili panja, zala zili nyatanyata ndi guluu. Aka kadali koyamba kugwira ntchito yotere. Timakoma tiwiri titakana kulumana, kadaitana mlongo wa mayi ake: "Ankolo, mapisi awa ndawajoina koma sakufita. Ka nyumba yanga sikupangika." Mwanayo sindikumudzudzula, poti adalankhula zimene amamva kwa ife akuluakulu. Chimene chidandiwawa n'chakuti amalume akewo, munthu wodziwa kufolera ndi kuwaka njerwa, adayankha m'chilankhulo chomwecho, pamene mawu oyenera adali nawo m'kamwa. Akadati, "Bwera nato kuno timatabwato, mwanawe. Walumikiza mozondotsa, n'chifukwa chake sitikulumana," mwanayo akadatola mawu atatu masana amenewo, kanyumba kake n'kuimanso.

Wongoyamba kumene ntchitoyi amafunika malangizo, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo malangizowo Chichewa chimawanena bwinobwino popanda kupempha kwa wina. Yamba wayala timatabwa tonse, utiwerenge, uone ngati palibe kosowa. Kamene kali ndi m'mphepete mokhakhala ukapale mpaka kasalale. Usathamangire guluu: yamba wayesa kulumikiza timakoma popanda chomatira, uone ngati mano ake akulumana. Utoto upake timatabwa tisanamatidwe, chifukwa denga likakhala pamwamba dzanja silifikanso m'ngodya. Guluu umudontheze pang'ono, ufinyize, upukute wotuluka m'mbali, kenaka usiye ziume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Denga ndi lomalizira. Tawerengani aneni amene adutsa apawa: kuyala, kupala, kulumikiza, kupaka, kumata, kudontheza, kufinyiza, kupukuta. Aliyense akuuza dzanja chochita chakechake. Mukawachotsa onsewa n'kuikapo "upange chonchi, kenaka upange chonchi," mwana sangagwire ntchito pokhapokha maso ake ali pa zala zanu, ndipo mukachokapo watsala m'malere.

Tisaganize kuti kumanga tinyumba kwabwera ndi katoni. Dzinja likatha, chimanga chili m'nkhokwe, ana a m'midzi ya kuno akhala akuchita masanje kuyambira kalekale. Amatola mapesi m'munda n'kumanga timisasa kuseri kwa mudzi, wina bambo, wina mayi, wina fisi wodzaba ndiwo. Aluso amasenda khungwa la phesi, lija limacheka chala ukachita mphwayi, n'kuling'amba timizere. Timizereto amatibaya mumtima wofewa wa phesi, ndipo pakutha pa tsiku pamaima kanyumba ka makoma anayi, kampando ndi kabedi, popanda msomali kapena guluu. Ena amakatapa dongo kudambo n'kuumba timiphika, timitondo ndi ng'ombe za malinunda, n'kuziyanika pamthunzi kuti zisang'aluke. Chitsononkho chimavekedwa kansanza, chimapatsidwa tsitsi la ndevu za chimanga, n'kuberekedwa kumbuyo. Kumasanjeko n'kumene mwana ankaphunzira kuti dongo, dothi ndi matope ndi zinthu zitatu. Dongo ndi la woumba. Dothi ndi limene timalima, kaya katondo wofiira kaya makande akuda a m'chigwa cha Phalombe, aja amagwira khasu m'dzinja n'kung'ambika ming'alu m'chilimwe. Matope ndi dothi limene lakumana ndi madzi. Lero mwamva wina akuti "mphika wa matope," ndipo palibe womubweza.

Nyumba ya masanje inkatsata nyumba yeniyeni, ndipo mawu ake adali omwewo. Malo timalambula. Nsichi timazika. Nsungwi timang'amba n'kupana nazo nsichizo, n'kumanga ndi luzi. Khoma timaphoma ndi matope. Udzu timamweta, sitithyola, denga timafolera, sitiphimba, pansi timazira. Mzati umaima pakati, nsanamira zimagwira khonde, mapaso amanyamula udzu. Denga la nyumba yozungulira ankalimangira pansi n'kuitana anthu kudzalikweza, ndipo mwambi woti mutu umodzi susenza denga udachokera pa ntchito imene anthu ankaiona ndi maso. Mwana amene sadamvepo za phaso kapena nsichi mwambiwu amangouloweza kuti akakhoze mayeso. Ngakhale nyumba zamakono zili ndi aneni ake: njerwa timaumba ndi chikombole, timaotcha pa uvuni, timawaka, zosaotcha ndi zidina, malata timakhoma. Palibe pamene Chichewa chidaperewera.

Tsono tibwere pa chilema chimene chikundidetsa nkhawa koposa, chifukwa chikukhudza msana weniweni wa chinenero. Mwamva mwana uja akuti "ka nyumba yanga." Dzina likalowa m'gulu la ka- ndi ti-, mawu onse olitsata amayenera kulowa nawo. Timati kanyumba kanga kakang'ono kagwa, osati kanyumba yanga yaing'ono yagwa. Timati timipando tiwiri tathyoka, osati timipando iwiri yathyoka. Kachitseko katseguka, tizitseko tatseguka. Onaninso mmene zambiri zimapangikira, ndipo apa mneni uja ali pamalo pake: ti- amakhala patsogolo pa dzina limene lili kale m'zambiri. Mpando, mipando, kampando, timipando. Mphika, miphika, kamphika, timiphika. Zenera, mazenera, kazenera, timazenera. Agogo athu sadalowe m'kalasi kuti adziwe zimenezi, koma simukadawamva akuphonya ngakhale kamodzi. Ife ophunzira ndi amene tayamba kusiya ka- ali yekhayekha kutsogolo kwa chiganizo, mawu enawo akuyenda njira yawo.

Lamuloli silisankha mwini kanyumba. Ku England, ku Windsor Castle, kuli kanyumba ka zidole ka Mfumukazi Mary, kamene pulani yake adajambula ndi Edwin Lutyens ndipo kadamalizidwa mu 1924. Kadamangidwa pa muyeso wa 1:12, kutanthauza kuti chinthu chotalika masentimita 12 m'nyumba yeniyeni chimakhala sentimita imodzi m'menemo, ndipo kali ndi magetsi oyaka ndi mipope yotulutsa madzi. N'kachifumu, koma m'Chichewa kali, kadamangidwa, kadamalizidwa, chimodzimodzi ka mapesi ka mwana wa ku Migowi. Chenjezo lokha ndi ili: ka- amachepetsa, ndipo nthawi zina amanyoza. Nyumba ya munthu wamkulu, ngakhale ikhale ya chipinda chimodzi, si kanyumba pakamwa pa mlendo. Mwini wake akhoza kunena yekha modzichepetsa kuti "ndamangako kanyumba," koma inu mukabwereza mawuwo mwatukwana.

Palinso kalembedwe, ndipo apa pamagwa ngakhale olemba zikwangwani ndi zidziwitso. Mayina ambiri a zomangamanga amataya mpweya wake akachuluka: khoma, makoma, khomo, makomo, khonde, makonde, thabwa, matabwa, phaso, mapaso, phesi, mapesi. Olemba "makhoma" ndi "mathabwa" akulemba zimene pakamwa pawo pomwe sipanena. Kanyumba ndi liwu limodzi, osati "ka nyumba". Ka woima payekha ndi uja wa umwini, monga kanyumba ka zidole. Timalemba m'nyumba, pakhonde, kumudzi, koma ku Phalombe, pa Chiringa, popeza awa ndi mayina a malo. Ndipo pakati pa liwu, pambuyo pa i ndi e pamabwera r: kufolera, kuzira, nsanamira, mpiringidzo, osati kufolela kapena kuzila. Izi si zofuna zanga. Bungwe la Chichewa Board, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchitoyo idapitirira ku Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira mu 1996, ndipo m'chaka cha 2000 kudatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Malamulo alipo, osowa ndi owatsegula.

Wina afunsa kuti, kodi zonsezi n'zofunikiradi pa nkhani ya zidole? Ife a ku Michesi yankho tili nalo, ndipo n'lowawa. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri lino ndi miyala, mitengo ndi matope, n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adabweretsanso maliro ndi usiwa ku Phalombe, ku Mulanje, ku Blantyre ndi maboma ena a kummwera. Pa nthawi zotere munthu amayenera kufotokozera amfumu, abale akutali ndi obweretsa thandizo chimene chachitikira nyumba yake. "Yaonongeka" sanena kanthu. Denga limasasuka ndi mphepo kapena limadontha. Khoma limang'aluka, limagumuka kapena limagwa. Nsichi zimafumbwa kapena zimadyedwa ndi chiswe. Nyumba imakokoloka ndi madzi kapena imakwiririka ndi matope. Amene denga lake lasasuka akufuna malata ndi misomali. Amene nyumba yake yakokoloka akufuna malo ena okhala. Mawu amenewa munthu saphunzira tsiku la tsoka. Amawatola ali wamng'ono, pamene mvula yagumula kakhoma kake ka dothi, agogo ake n'kumuuza dzina la chimene chachitikacho.

Tikudziwanso kuno mmene chinenero chimazimiririkira. Ambiri a ife ndife zidzukulu za Alhomwe amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'mabanja ochuluka Chilomwe chidatsalira m'kamwa mwa okalamba ndi m'nyimbo za tchopa, moti a Mulhako wa Alhomwe, amene amasonkhana pa Chonde ku Mulanje, akuchita kulimbana kuti achidzutse. Palibe amene adachiletsa pakhomo ndi chikwapu. Makolo adangosiya kuchilankhula kwa ana pa zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku, pophika, polima, posewera. Ntchito yodzutsa Chilomwe ndi yabwino, ndipo ndimaifunira mafuno abwino. Chichewa chili ndi olankhula mamiliyoni, sichifa mawa, koma njira yotayira mawu ndi yomweyo.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikuti tipirikitse liwu lililonse lachilendo, kapena kuti kalankhulidwe ka kuno kummwera n'kolakwika. Mwana woitana agogo ake kuti anganga sadaphonye kanthu. Tebulo, bedi, simenti, malata ndi zenera adabwera kuchokera kwina, tidawalandira, ndipo lero amamvera malamulo athu: tebulo lathyoka, matebulo athyoka, katebulo kathyoka. Guluu naye alowe, chifukwa ulimbo ndi wa mbalame ndipo sugwira thabwa mofanana. Batire ndi magetsi a m'kanyumba alowe. Koma "kujoina" kukufuna chiyani pamene tili ndi kulumikiza? "Kufita" kwadzatani pamene tili ndi kulumana, kukwana ndi kuyenerana, aliyense ndi tanthauzo lake? "Mapisi" a chiyani pamene pali zidutswa, zibenthu ndi timatabwa? Ndipo mlongo wa mayi ndi amalume kapena atsibweni. "Ankolo" amasakaniza amalume ndi abambo aang'ono, anthu awiri amene pa mwambo wathu maudindo awo ndi osiyana kutalitali, makamaka kuno kumene mbumba imayang'aniridwa ndi mwinimbumba wa kuchikazi.

Pempho langa likupita kwa atatu. Inu ogulitsa ndi otumiza tinyumba timeneti, pezani wodziwa chinenero alembe malangizo a tsamba limodzi m'Chichewa, muike m'katonimo. Inu aphunzitsi a makalasi aang'ono, pamene ana akuumba ndi kumanga pa phunziro la zaluso, afunseni atchule dzina la chilichonse chimene dzanja lawo likuchita, ndipo wonena kuti "ndikupanga" mumufunse kuti akupanga motani. Inu makolo ndi agogo, chimanga chikalowa m'nkhokwe chaka chino musatenthe mapesi onse. Siyirani ana mulu umodzi, ndipo akayamba kumanga mukakhale nawo pafupi muziwauza kuti iyi ndi nsichi, ili ndi phaso, apa mwaphoma, apa mwafolera.