MBIRI YA MANKHWALA OTHAMANGITSA TULO

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za mankhwala amene anayamba ngati cithandizo ca odwala, koma pambuyo pace anasanduka msampha wa anthu ambirimbiri. Dzina lace ndi amphetamine.

M'caka ca 1887 katswiri wa ku Romania, Lazar Edeleanu, anapanga mankhwalawa mu mzinda wa Berlin, koma sanadziwe nchito yace, ndipo anangokhala oiwalika pafupifupi zaka 40. Ku Japan nako, mu 1893, Nagai Nagayoshi anapanga mbale wace waukali koposa, ndiye methamphetamine. Tsono mu 1929 Gordon Alles wa ku America, pofunafuna mankhwala a mphumu, anayesa amphetamine m'thupi mwace. Anamva kukondwa, koma usiku umenewo tulo tinabvuta. Posacedwa anayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Benzedrine, otsegula mphuno zotsekeka ndi cimfine.

Cimene cinawawanditsa ndi nkhondo. Ku Germany anaturutsa Pervitin mu 1938, ndipo mu 1940 asilikali ao analandira mibulu 35,000,000 kuti ayende usana ndi usiku osagona. Asilikali a Britain ndi America anapatsidwa Benzedrine. Ku Japan, nkhondo itatha, mankhwala otsala anagwera m'manja mwa anthu wamba, ndipo ambiri anagwidwa ukapolo, kufikira boma linaika lamulo lowaletsa mu 1951.

Kodi mphamvu imeneyi icokera kuti? Mvetsetsani apa. M'bongo mwathu mitsempha imatumizirana uthenga ndi timadzi tina, dopamine ndi noradrenaline. Timadziti timasungidwa monga cimanga m'nkhokwe: timaturuka pang'onopang'ono, ndipo tikatha nchito timabwezedwa. Amphetamine amalowa mu mtsempha nakhuthula nkhokweyo nthawi imodzi. Cocaine, mnzace wocokera ku masamba a coca, amatseka njira yobwerera. Pamenepo mtima uthamanga, njala itha, tulo tithawa, munthu nadziyesa ngwazi.

Koma mankhwalawo sanabwere ndi mphamvu iri yonse. Munthuyo wangodya mbeu zace za caka camawa. Nkhokwe ikatsala yopanda kanthu, pafika kulefuka ndi cisoni cacikuru. Kuti amve monga poyamba, aonjeza muyeso. Ena ayamba kumva mau a anthu amene palibe, naganiza kuti alikusakidwa. Ena mtima ulephera, kapena mtsempha uphulika m'mutu.

Cifukwa cace mu 1971 maiko anapangana ku Vienna kuti mankhwalawa aziyang'aniridwa ndi lamulo. Madokotala akali kuwapereka pa muyeso waung'ono kwa odwala nthenda yogona tulo mwadzidzidzi, ndi kwa ana obvutika kukhazikitsa maganizo. Koma methamphetamine yogulitsidwa mobisa yafika ndi kuno kumwera kwa Africa. Ku Cape Town amaicha tik.

Tsono, anzanga, wina akakupatsani kambulu nati kacotsa kutopa, kumbukirani kuti kutopako sikucoka, kumangodikira pakhomo. Tsalani bwino.