Mabuku a Jane Austen Oyamba Kusindikizidwa: Chifukwa Chake Masiku Ano Ndi Osowa

Mu Januwale 1813, Thomas Egerton wa ku Whitehall mumzinda wa London anatulutsa buku la nkhani yachikondi lotchedwa Pride and Prejudice. Egerton ankadziwika ndi mabuku a zausilikali, koma apa anali atatola chikwama. Anagula umwini wonse wa bukulo kwa Jane Austen pa mapaundi 110, ndipo chaka chisanathe analisindikizanso kachiwiri. Dzina la mlembi silinalembedwepo. Ngakhale buku lake loyamba, Sense and Sensibility la 1811, linangosonyeza kuti analemba ndi mayi wina wake.

Kalelo nkhani imodzi ankaigawa m'mabuku atatu. Atatu onse a Pride and Prejudice mtengo wake unali masheleni 18, ndalama zoposa malipiro a mlungu wathunthu a munthu wogwira ntchito m'munda. Mapepala ankapangidwa ndi sanza ndipo anali okwera mtengo, zilembo ankazisanja pamanja chimodzichimodzi. N'chifukwa chake anthu ambiri sankagula koma kubwereka. M'matauni munali nyumba zobwereketsa mabuku, kumene munthu ankalipira kandalama pachaka n'kumatenga buku limodzi nthawi imodzi. Kugawa nkhani patatu kunkawayanja eni nyumbazo, poti anthu atatu ankatha kuwerenga nkhani imodzi tsiku lomwelo. William Lane wa Minerva Press analemera ndi malonda amenewa, ndipo mwambo wa mabuku atatuwu unapitirira mpaka cha m'ma 1894.

Buku lobwerekedwa silikhalitsa. Lochoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo, linkathothoka masamba, kuda ndi utsi wa makandulo, kenako n'kutayidwa.

Nawo anthu achuma amene ankagula awoawo anawononga kanthu kena mosadziwa. Buku linkachoka kosindikiza lili ndi chikuto cha katoni chokutidwa ndi pepala lotuwa, kumsana kuli kachipepala ka dzina, m'mbali mwa masamba muli manyanomanyano. Mwini wake ankapita nalo kwa mmisiri wosoka mabuku kuti aliveke chikopa chofanana ndi mabuku ena a m'nyumba mwake. Mmisiriyo ankachotsa chikuto chija, kusenga m'mbali mwa masamba kuti mukhale see, ndipo kawirikawiri ankataya tsamba lakutsogolo lokhala ndi dzina la buku lokha. Lero ogula mabuku akale akagwira buku lotere, amayamba ayang'ana tsamba limenelo m'mabuku onse atatu. Likasowa, mtengo umatsika. Likapezeka, ndiponso chikuto chili cha katoni chomwe chija, ndiye kuti mtengo wakwera kwambiri, chifukwa mabuku opulumuka mpeni wa mmisiri ndi owerengeka.

China chimene chimakweza mtengo ndi manja amene bukulo linadutsamo. Buku la Jane Austen lotchedwa Emma, limene John Murray anatulutsa mu Disembala 1815, linasindikizidwa makope 2,000 okha. Mwa makope amene mlembi anapatsidwa kuti agawire abale ndi abwenzi, limodzi linapita kwa mnzake Anne Sharp, yemwe anali mphunzitsi wa mwana wa mchimwene wake ku Godmersham. Kope limeneli linagulitsidwa pa okushoni ya Bonhams mu 2008 pa mapaundi 180,000.

Jane Austen sanaone chuma chotere. Sense and Sensibility analisindikiza atavomera kulipira yekha likapanda kuyenda malonda, ndipo phindu lake linali mapaundi 140. Anamwalira ku Winchester mu Julaye 1817 ali ndi zaka 41. Patapita miyezi isanu, mchimwene wake Henry ndiye anaulula dzina lake kwa owerenga, m'mawu oyamba a Northanger Abbey ndi Persuasion.