Ulendo wa ku Phiri la Mulanje

Munthu wochokera ku Blantyre kudzera njira ya ku Thyolo amayamba kuliona phiri la Mulanje akali kutali ndithu. M'mamawa nkhungu imakuta tsinde lake, kotero kuti nsonga zokha ndizo zioneka, ngati chisumbu choyandama pa mitambo. Nsonga yaitali koposa ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. M'chaka cha 1859 David Livingstone analiona phiri ili pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Koma eni dziko anali atakhala m'tsinde mwake mibadwo yosawerengeka.

M'maiko ena mlendo wofuna za makedzana amamuonetsa nyumba zamiyala, monga zija za ku Great Zimbabwe. Ku Mulanje sikutero ayi. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, udzu ndi dothi, zinthu zimene chiswe ndi mvula sizichedwa kuzimaliza. Tsono wofuna mbiri ya kuno aifune m'maina a malo, m'maiwe, ndiponso m'kamwa mwa okalamba. Tiyeni tiyambire ku Likhubula, kumadzulo kwa phiri, kumene alendo ambiri amayambira kukwera.

Mukayenda pang'ono motsata mtsinje wa Likhubula mufika pa mathithi, ndipo pansi pa mathithiwo pali dziwe lakuya, la madzi ozizira ngati a matalala. Limeneli ndilo Dziwe la Nkhalamba. Akuluakulu asimba kuti kale pamenepa pankaoneka nkhalamba ya imvi itakhala pa mwala, koma munthu akayandikira inkazimirira. Amang'anja, amene ali a mtundu wa Amaravi ndipo anakhala kuno Ayao ndi Alomwe asanafike, ankawayesa malo otere khomo la mizimu. Mvula ikakana, kapena nthenda ikagwa m'mudzi, mfumu ndi akulu ankapita ndi nsembe ya ufa ndi mowa. Ankagwada, naomba m'manja, natchula maina a makolo awo kuti awapepesere kwa Chauta. Kachisi wawo anali kanyumba kakang'ono ka udzu, kofika m'chiuno. Kakagwa ankamanga kena. Masiku ano pa dziwepo pamasambira ana a sukulu ndi alendo, nadyerapo kamba wawo, ndipo ambiri a iwo sadziwa kuti pamene ayala nsalu zawo agogo awo ankafikapo mwaulemu, osakweza mawu.

Mbiri ikumbukiranso anthu ena akale koposa Amang'anja, ndiwo Akafula kapena Abathwa, anthu aafupi amene ankakhalira kusaka nyama. Akuti ukakumana naye mmodzi ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wochenjera ankayankha kuti, "Ndakuonerani kutali," pakuti kunena kuti pafupi kunali kumunyoza kuti ngwamfupi, ndipo muvi sunkachedwa. Ena a m'midzi ya m'tsinde akhulupirira kuti mizimu ya anthu amenewa ikali m'phirimo.

Kuchoka pa dziwe njira imakwera kolimba, ndipo pafunika maola angapo kuti munthu afike pa chidikha cha Chambe. Pamenepo dziko limasanduka lina. Pali udzu waufupi, timitsinje toyera, mphepo yozizira ndi bata lalikulu. Nsonga ya Chambe ndi thanthwe limodzi lokha, ndipo mbali yake ya kumadzulo ndi phompho la mamita pafupifupi 1,700. M'zigwa za pamwambapa ndimo munkamera mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wonunkhira umene chiswe sichiudya, ndipo sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mzungu wodziwa za zomera, Alexander Whyte, anatengako nthambi zake m'chaka cha 1891, ndipo m'mabuku a ophunzira mtengowu unalandira dzina lake. Boma linaika phirili pansi pa lamulo la nkhalango m'chaka cha 1927, koma lamulo silinaletse macheka ndi moto. Pamene akatswiri anawerenga mitengo m'chaka cha 1917 kuonjezapo zaka zana, ndiko kuti 2017, anapeza ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha. Kuyambira pamenepo anthu a m'midzi yozungulira afesa mbande zambirimbiri nazibzala m'phirimo, koma mkungudza sufulumira kukula, ndipo wobzala sadzaona thabwa lake.

Wofuna kufika pa Sapitwa amagona pa nyumba ya alendo ya ku Chisepo, nalawirira m'bandakucha. Dzina lokhalo likuchenjeza kuti kumeneko sapitako. Makolo ankati ndiko kumudzi kwa mizimu, ndipo anaika malamulo ake. Wokwera asatukwane, asaloze chala mwachipongwe, asadzitame. Akasochera napeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha pa thanthwe, adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake, osatengako kumudzi. Owerenga ena adzaseka, koma taganizani: phiri ili nkhungu yake imagwa mwadzidzidzi, njira n'kusowa, ndipo munthu wodzikuza ndiye amayamba kutayika. M'chaka cha 2003 mtsikana wa ku Holland anakwera yekha ndipo sanapezekenso. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil anabweza womuperekeza, napezeka atafa patapita masabata. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chinachititsa bungwe la UNESCO, m'mwezi wa July 2025, kulemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi, ponena kuti Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse amaliyesa lopatulika.

Tsopano tidutse chidikha kulowera kumpoto chakum'mawa, tipitirire Thuchila ndi Sombani, titsikire pa mpata umene uli pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi. Dera limeneli linali la boma la Mulanje kufikira chaka cha 1998, pamene Phalombe anakhala boma palokha. Pano pokha ndipo mlendo aona mabwinja enieni, koma mbiri yake njowawa.

Cha m'ma 1860 Ayao anafika kuno kuchokera kum'mawa kwa nyanja, ali ndi mfuti zogula kugombe. Mafumu awo, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri, anakhazika midzi yawo m'malo okwera, momwe ankaona aliyense wodutsa m'chigwa. Amang'anja ena anathawa, ena anagonja, ndipo ambiri anagwidwa. Pa mpata uwu ndipo pankadutsa maulendo a minyanga ndi akapolo opita ku Quelimane, anthu atamangidwa magoli m'khosi. Pobwera amalonda ankatenga nsalu, mikanda ndi wonga. Mphamvu ya mfumu masiku amenewo inali m'chiwerengero cha anthu ake ndi mfuti zake. Nyumba yake inali ya udzu monga ya wina aliyense, ingokhala yaikulu. N'chifukwa chake pa malo a midzi imeneyo lero simupezapo khoma.

Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino m'dzina la Angerezi m'chaka cha 1891, nkhondo yake yoyamba inali ya kwa Chikumbu, m'chaka chomwecho. Asilikali ake anali Asikh ochokera ku India, otsogozedwa ndi Captain Maguire. M'chaka cha 1893 anamanga malinga awiri: Fort Anderson kumwera kwa phiri ndi Fort Lister pa mpata pano. Mkanda anamenyana nawo chaka chomwecho, ndipo Matipwiri anagonja m'chaka cha 1895. Kuletsa malonda a akapolo kunali chinthu chabwino, palibe angakane. Komabe tisabise kuti malinga omwewo ndiwo anatsegula njira ya msonkho wa nyumba ndi minda ya Azungu. Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo Alomwe amene anaoloka malire pothawa nkhanza za Apwitikizi anadzapeza thangata ikuwadikira m'minda yomweyo.

Fort Lister sanakhalitse. Njira ya akapolo itatsekeka, Boma linalisiya linga lija patangopita zaka ngati khumi. Chotsala lero ndi maziko, zidutswa za makoma zomera tchire, ndi manda. Amodzi mwa mandawo ndi a Gilbert Stevenson, mbale wa mlembi wotchuka uja Robert Louis Stevenson. Koma maina a mafumu ogonjetsedwa aja sanafe: Chikumbu ndi Mkanda akali maina a mafumu aakulu m'boma la Mulanje, ndipo adzukulu awo amaweruza milandu pabwalo.

Potsika kulowera ku Phalombe, yang'anani miyala ikuluikulu imene ili mbwee m'minda ndi m'mphepete mwa mitsinje. Ina ndi yaikulu ngati nkhokwe. Siinabadwire pamenepo ayi. M'mwezi wa March 1991, itagwa mvula yoopsa, mbali ya phiri la Michesi inagumuka, ndipo madzi, matope ndi miyala zinakokolola midzi ndi kupha anthu mazanamazana. Ophunzira amati dothi la pa thanthwe likakhuta madzi limatsetsereka. Okalamba amati ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimalambula njira yake. Zinachitikanso m'mwezi wa March 2023, pa namondwe wa Freddy, ku Mulanje ndi ku Phalombe komwe, ndipo mikwasa ya madzi amenewo ikuoneka m'mbali mwa phiri ngati mizere yoyera yochokera kumwamba kufikira m'minda ya anthu.