Kusuta chamba pa nthawi ya pakati m'boma la Mchinji

Chamba ndi mankhwala ozunguza bongo omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'Malawi, kuphatikizapo m'boma la Mchinji lomwe lili m'malire a Zambia ndi Mozambique. Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 limalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, koma kusuta n'koletsedwabe.

Mayi woyembekezera akasuta chamba, mankhwala otchedwa THC amalowa m'magazi ake n'kudutsa pa nsengwa mpaka kufika kwa mwana. Mwanayo angathe kubadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5. THC amapezekanso mu mkaka wa m'mawere.

Zina zomwe zimachititsa kuti mayi apitirize kusuta ndi izi: kuzolowera chamba asanatenge pakati, kukhala ndi mwamuna wosuta, nkhanza za m'banja, matenda a nkhawa, umphawi, komanso kumwa kachasu kapena kusuta fodya.

Mu 2014 bungwe la World Health Organization lidalangiza azaumoyo kuti azifunsa mayi aliyense za mowa ndi mankhwalawa nthawi zonse akabwera ku sikelo. Amayi ena amabisa poopa kunyozedwa kapena kumangidwa, choncho thandizo limachedwa.